Masewero a mabanja a ku Britain ochokera m'mabuku akale: n'chifukwa chiyani sakutha?

Mu 2025 wailesi ya kanema yotchedwa 5 ya ku Britain inatulutsa sewero la magawo lotchedwa The Forsytes. Ochita seweroli ndi atsopano, makamera ndi amakono, koma banja lomwe akulisewera ndi lakalekale. John Galsworthy anayamba kulemba za banjali mu 1906, BBC inalionetsa mu 1967, kampani ya Granada inalijambulanso mu 2002, ndipo apa labwera kachitatu. Chaka chomwecho, pa 16 Disembala, panakwana zaka 250 chibadwire Jane Austen, mayi amene mabuku ake 6 ajambulidwa mobwerezabwereza moti mbadwo uliwonse wa oonera kanema ku Britain uli ndi Mr Darcy wakewake, mwamuna wotchuka wa m'buku lake la Pride and Prejudice.

Munthu woona zimenezi ali kutali sangalephere kufunsa. Kodi Angerezi nkhani zinawathera? Dziko lodzaza ndi olemba amoyo likubwereranji kwa anthu ovala zipewa zazitali, oyenda pa ngolo za akavalo, amene anafa kalekale kapena sanakhaleko n'komwe? Yankho lofulumira limakhala lakuti anthu amakonda madiresi ndi nyumba zikuluzikulu. Zovalazo zilipodi, koma ndi gaga chabe. Ufa wake uli m'malamulo a chuma cha masiye ndi a ukwati, m'njira yofotokozera nkhani pang'onopang'ono, komanso m'mene dzikolo linasankhira kulipirira wailesi yake ya kanema.

Kodi ndi masewero ati amenewa?

Ku BBC mtundu umenewu akhala akuutcha classic serial. Kuti sewero lilowe m'gululi, nkhani yake imachokera m'buku la nthano yaitali lomwe anthu analiwerenga kale n'kulilemekeza, ndipo imadulidwa m'magawo oonetsedwa sabata ndi sabata mpaka kukafika pomwe bukulo linathera. M'kati mwa gululi ndimo muli masewero omwe tikukamba pano, amene nkhani yonse imazungulira pa khomo limodzi: makolo, ana, azakhali, apongozi, antchito a m'nyumba, ndi funso la amene adzatsale ndi nyumbayo eni ake akapita.

N'kosavuta kuwasokoneza ndi ena. Coronation Street, yomwe inayamba mu 1960, ndi EastEnders ya mu 1985, nazonso ndi za mabanja, koma zilibe mathero. Zili ngati msika: umatsegulidwa tsiku ndi tsiku, ogulitsa ena amachoka ena n'kubwera, ndipo palibe tsiku lomwe munganene kuti msika watha. Sewero lochokera m'buku lili ngati munda wa chaka chimodzi. Mumabzala, mumapalira, mumakolola, ndipo chimene munthu wafesa m'gawo loyamba chimamudikira m'gawo lomaliza.

Palinso masewero ovala zakale omwe sanachokere m'buku lililonse. Upstairs, Downstairs ya 1971 mpaka 1975 inalembedwera kanema mwachindunji. Chimodzimodzinso Downton Abbey ya Julian Fellowes, yomwe inayamba mu 2010. Bridgerton ya pa Netflix inachokeradi m'mabuku, koma mlembi wake Julia Quinn ndi wa ku America, ndipo kampani yomwe imaipanga ndi ya komweko. Onsewa anayamwa bere limodzi ndi classic serial, koma si iyo.

Nkhani yodula pakati

Mabuku ambiri a nthawi ya Mfumukazi Victoria sanatuluke athunthu. Charles Dickens anatchuka ndi The Pickwick Papers, yomwe inkatuluka kachigawo kamodzi mwezi uliwonse kuyambira mu 1836 mpaka 1837, pa mtengo wa sheleni imodzi. Buku latsopano lathunthu, lomwe linkasindikizidwa m'mavoliyumu atatu, linkagulidwa masheleni 31 ndi theka, ndalama zomwe wantchito wamba sakanazikwanitsa. Sheleni pamwezi inali yotheka, ndipo kachigawo kamodzi kankawerengedwa mokweza kwa banja lonse.

Izi zinaumba kalembedwe. Mlembi ankayenera kumaliza chigawo chilichonse pamalo pomwe wowerenga sangapirire, kuti mwezi wamawa akatulutsenso sheleni. Ankayeneranso kupatsa munthu aliyense wa m'nkhani chizindikiro chosaiwalika, kayankhulidwe kapena chizolowezi, kuti pakatha masabata anayi owerenga amuzindikire msanga. Aliyense amene anakulira pa nthano za madzulo amaidziwa njira imeneyi: agogo amadukiza nthano Kalulu ali m'dzenje, n'kunena kuti kwada, tidzapitiriza mawa.

Choncho pamene wailesi ndiponso kanema zinabwera, zinapeza mabukuwa ali odulidwadulidwa kale. BBC inayamba kuwasewera pa wailesi ya mawu, kenako pa kanema, ndipo kwa zaka zambiri Lamulungu chakumadzulo, nthawi ya tiyi, inali nthawi ya sewero lochokera m'buku loti ana ndi makolo aonere limodzi. Kwathu kuno kanema wa dziko anadza mochedwa, mu 1999, kotero masewero ambiri otchuka a mtunduwu anadutsa tisanakhale ndi poonera. Koma chizolowezi chokhala pansi banja lonse pa ola lodziwika kudikira sewero timachidziwa kudzera pa wailesi ya MBC ndi Sewero la Sabata Ino.

Umboni wakuti mabukuwa anabadwira magawo unaoneka bwino mu 2005. Andrew Davies anatenga Bleak House ya Dickens, yomwe inatuluka mwezi ndi mwezi mu 1852 ndi 1853, n'kuidula magawo 15, pafupifupi onse a theka la ola. BBC inkawaonetsa kawiri pa sabata EastEnders ikangotha, ndipo anthu mamiliyoni anakhalabe pampando osasintha tchanelo.

Chaka cha 1967 ndi banja la Forsyte

Sewero lomwe linasandutsa mtunduwu kukhala nkhani ya dziko lonse ndi The Forsyte Saga. Galsworthy analemba The Man of Property mu 1906, In Chancery mu 1920 ndi To Let mu 1921, n'kupitiriza ndi mabuku ena a banja lomwelo. Analandira mphoto ya Nobel mu 1932, n'kumwalira chaka chotsatira. Donald Wilson wa ku BBC anatha nthawi yaitali akukambirana ndi kampani ya mafilimu ya MGM, yomwe inali ndi chilolezo cha nkhaniyi, kuti aloledwe kuijambula. Atapambana anapanga magawo 26, a zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo anayamba kuonetsedwa pa BBC2 mu Januwale 1967.

BBC2 inali tchanelo chatsopano, chotsegulidwa mu 1964, ndipo makanema akale ambiri sankachigwira. Chimake chinafika pamene seweroli linabwerezedwa pa BBC1 Lamulungu madzulo kuyambira mu Seputembala 1968. Eni mabala ankadandaula kuti makasitomala athawa, ndipo ansembe ena a mpingo wa Anglican anasuntha nthawi ya mapemphero a madzulo kuti akhristu asamajombe. Gawo lomaliza, kumayambiriro kwa 1969, linaonedwa ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni. Linagulitsidwa m'mayiko ambiri, ngakhale ku Soviet Union.

Nanga chinawagwira anthu n'chiyani? A Forsyte si mafumu kapena mabwana a maudindo obadwa nawo. Ndi banja la maloya, amalonda ndi eni nyumba za lendi mu London, anthu oyeza chilichonse ndi mtengo wake. Soames Forsyte, yemwe anaseweredwa ndi Eric Porter, ndi loya wosunga ndalama ndi zithunzi zodula. Anakwatira Irene, mkazi wokongola wopanda chuma, yemwe sankamukonda. Pofuna kumuchotsa mu London kuti akhale wake yekha, Soames akulemba ntchito Philip Bosinney, katswiri wa mapulani a nyumba, kuti amumangire nyumba ku Robin Hill. Bosinneyo ndi bwenzi la June, mwana wa m'banja lomwelo la Forsyte. Irene ndi Bosinney akukondana. Soames akusumira Bosinney kukhoti chifukwa chodutsa ndalama zomwe anapangana, ndipo usiku wina akugwiririra mkazi wake. Bosinney atamva zimenezi akuyenda wosokonezeka m'chifunga cha London n'kugundidwa pamsewu mpaka kufa.

Buku loyamba limathera pakhomo. Irene, wopanda kolowera, wabwerera m'nyumba ya mwamuna wake. Msuweni wa Soames, Jolyon wamng'ono, wabwera kudzamuona, ndipo akumuona pang'ono chabe m'kati. Soames akuima pakhomopo, kunena kuti mkazi wake saonana ndi munthu, n'kumenyetsa chitseko. Palibe mfuti, palibe nkhondo, koma ine sindidziwa mathero ena ozizitsa nkhongono kuposa chitseko chimenecho.

Oonera a 1967 anagawanika. Ena ankati Soames ndi chilombo. Ena ankati ndi mwamuna amene anapereka zonse kwa mkazi wouma mtima, ndipo Irene, woseweredwa ndi Nyree Dawn Porter, ndiye anaphwasula banja. Mkanganowo sunali wa zakale zokha. Pa nthawi yomwe seweroli linkaonetsedwa, lamulo la England linali lisanavomereze kuti mwamuna angazengedwe mlandu wogwiririra mkazi wake wa m'nyumba. Zimenezi zinasintha mu 1991, pa chigamulo cha oweruza a House of Lords, khoti lalikulu koposa pa nthawiyo. Anthu ankaonera zovala za m'ma 1880 koma akukangana za m'nyumba zawo zomwe.

Ndipo nkhani sikuthera pa awiriwa. Irene akudzakwatiwa ndi Jolyon uja n'kubereka Jon. Soames akukwatira Annette, mkazi wa Chifalansa, n'kubereka Fleur, yemwe Susan Hampshire anamusewera. Ana awiriwa akukula osadziwa kanthu, akukumana, n'kukondana, ndipo mlandu womwe makolo anaukwirira ukuwagwera. Apa m'pamene magawo 26 amaonetsa ntchito yake. Woonera waona bala likuchekedwa miyezi ingapo yapitayo, ndiye akudziwa zomwe anawo sakudziwa. Filimu ya maola awiri singamupatse munthu ukalamba woterowo.

Nyumba ndi ya ndani bambo akamwalira?

Kuti munthu amvetse chifukwa chake amayi a m'masewerowa amakhala ndi nkhawa ya maukwati usiku ndi usana, ayenera kudziwa mawu awiri a m'malamulo akale a England. Loyamba ndi primogeniture, mwambo wakuti malo ndi nyumba ya banja zimapita kwa mwana wamwamuna woyamba, kuti chuma chisagawikegawike. Lachiwiri ndi entail, pangano lolembedwa ndi makolo akale lomanga malowo kuti azingotsata mzere wa amuna. Mwini nyumba wa lero amangokhala ngati wosungira: sangaigulitse, sangaisiyire yemwe wafuna.

Mu Pride and Prejudice ya Austen ya 1813, Mr Bennet ali ndi malo a Longbourn omwe amamupatsa mapaundi 2,000 pachaka, ndi ana aakazi asanu, wamwamuna palibe. Tsiku lomwe adzatsekere maso, nyumba idzapita kwa wachibale wakutali, Mr Collins, ndipo mkazi wamasiye ndi ana ake adzatuluka ndi kandalama kochepa koti agawane. Anthu amaseka Mrs Bennet chifukwa cha phokoso lake, koma mayiyu akuwerenga bwino masamu. Charlotte Lucas, wa zaka 27, mnzake wa Elizabeth yemwe ndi mmodzi mwa ana aakazi aja, akuvomera kukwatiwa ndi Collins yemweyo popanda chikondi, chifukwa akufuna denga.

Kwa wowerenga wa kuno, njira yachidule yomvetsera ndi kuyerekeza ndi mwambo wa Achewa, kumene mbumba imatsata mzere wa amayi, ndipo ufumu umagwera mwana wa mlongo osati mwana wobereka wekha. Ku Longbourn mzere ndi wa amuna, koma funso lomwe limabuka pamaliro ndi lomwelo: mwambo ukuloza munthu wina, pomwe amene akhala m'nyumbamo zaka zonsezi ndi ena. Kufanana kwake kumathera pamenepo, chifukwa entail inali pepala lomwe khoti linkaliteteza, osati chigamulo cha akuluakulu a banja chomwe angakambirane. Mwana wamwamuna woyamba anasiya kukhala wolowa m'malo mwa lamulo mu 1925, pa chuma cha munthu womwalira wopanda wilu. Kwathu lamulo loteteza akazi ndi ana amasiye kwa olanda chuma ndi la 2011, ndiye nkhawa ya Mrs Bennet si yachilendo kwenikweni.

Pa ukwati napo panali zingwe. Malamulo a 1870 ndi 1882 asanabwere, katundu ndi malipiro a mkazi wokwatiwa zinkakhala za mwamuna wake. Lamulo la 1857 linalola kuthetsa banja kukhoti, koma mosalingana. Mwamuna ankangofunika kuonetsa kuti mkazi wachita chigololo, pomwe mkazi ankayenera kuonetsa chigololo pamodzi ndi cholakwa china monga nkhanza kapena kuthawidwa. Kusiyanaku kunatha mu 1923. N'chifukwa chake m'buku lachiwiri la a Forsyte, Soames, pofuna mwana wodzalowa m'chuma chake, akulemba ntchito anthu oti azizonda Irene kuti apeze umboni. Mlongo wake Winifred, yemwe mwamuna wake wamubera mikanda ya ngale n'kuthawira ku Buenos Aires ndi mkazi wovina, akuyenera kuyamba wapempha khoti kuti lilamule mwamunayo abwerere, ngakhale sakumufunanso.

Bleak House imafika pa mapeto a msewu umenewu. Mlandu wa chuma cha masiye wa Jarndyce wakhala m'khoti mibadwo ingapo. Pali gogo wina, Miss Flite, amene amapita kukhotiko tsiku lililonse ndi kachikwama ka mapepala, ndipo kuchipinda kwake amasunga mbalame m'zikwere, akuti adzazimasula tsiku la chigamulo. Mlandu ukamatha, zikupezeka kuti chuma chonse chathera kulipira maloya. Amene anatsatapo chuma cha malemu ku maofesi, chaka ndi chaka, safunika womumasulira nkhani ya gogoyu.

Amalipira ndani?

Masewero oterewa ndi odula ndipo safulumira kubweza ndalama, ndiye n'koyenera kufunsa kuti anatheka bwanji. BBC inayamba mu 1922, ndipo mtsogoleri wake woyamba John Reith anaiikira ntchito yodziwitsa, kuphunzitsa ndi kusangalatsa anthu. Simaulutsa malonda m'dziko la Britain. Ndalama zake zambiri zimachokera ku laisensi yomwe nyumba iliyonse yoonera kanema imalipira chaka ndi chaka. Laisensi ya kanema inayamba mu 1946 pa mapaundi 2, ndipo mu Epulo 2025 inafika mapaundi 174.50. Zili ngati mudzi wosonkherana kukumba chitsime: aliyense aponyapo, ndipo chitsimecho chiyenera kumwetsa onse, osati olemera okha. Buku lolemekezeka loseweredwa mokoma linkakwaniritsa kuphunzitsa ndi kusangalatsa nthawi imodzi.

Wailesi ina ya kanema ya ITV, yomwe inayamba mu 1955, imadalira otsatsa malonda, koma makampani ake ankapatsidwa chilolezo kwa zaka zowerengeka ndipo ankayenera kuonetsa kuti akupanga zinthu zaphindu. Granada ya ku Manchester inapanga Brideshead Revisited mu 1981 kuchokera m'buku la Evelyn Waugh la 1945: magawo 11, nkhani ya banja la Chikatolika lolemera lomwe likugumuka, yojambulidwa ku Castle Howard ku Yorkshire, ku Oxford ndi ku Venice, ndi Jeremy Irons, Anthony Andrews ndi Laurence Olivier. Sitalaka ya ogwira ntchito ku ITV mu 1979 inaimitsa ntchitoyi kwa miyezi, koma kampani sinaitaye.

Mwendo wachitatu wa mphika ndi America. The Forsyte Saga itakondedwa kumeneko mu 1969, wailesi ya WGBH ya ku Boston inayambitsa pulogalamu ya Masterpiece Theatre pa PBS, kanema wosachita malonda wa dzikolo, mu Januwale 1971, ndi thandizo la kampani ya mafuta ya Mobil. Alistair Cooke ankakhala pampando kufotokozera oonera chiyambi cha gawo lililonse mpaka 1992. Kuchokera apo ndalama za ku America zakhala zikulowa m'masewero ambiri a mtunduwu. Palinso phindu lina: ku Britain umwini wa buku umatha pakapita zaka 70 mlembi atamwalira, ndiye Austen, Dickens, ngakhale Galsworthy tsopano, aliyense angawajambule osalipira chilolezo, ndipo mayina awo ndi odziwika kale.

Kuchoka pa pepala kupita pa kanema

Woonera wa lero akatsegula sewero la m'ma 1960 kapena 1970 amadabwa ndi kuchedwa kwake. Chifukwa china n'cha zipangizo. Zochitika za m'nyumba zinkajambulidwa mu situdiyo ndi makamera akuluakulu angapo nthawi imodzi, pa tepi yomwe inali yodula ndi yovuta kuidula. Ochita sewero ankayeserera masiku angapo ngati a zisudzo za pa siteji, kenako n'kusewera chochitika chonse mosadukiza. Za panja zinkajambulidwa pa filimu, ndiye munthu akatuluka pakhomo maonekedwe a chithunzi ankasintha. Zotsatira zake n'zakuti mphamvu yonse inali pa nkhope ndi pa mawu. Anthu awiri akhoza kukhala pa tebulo mphindi zisanu, wina akuthira tiyi, ndipo banja likutha pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masewerowa anapangidwira woonera wodekha. Matepi ambiri a nthawi imeneyo anafufutidwa kuti agwiritsidwenso ntchito, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pamene BBC inayamba kusunga mwadongosolo, kotero omwe timawatcha osaiwalika ndi ena mwa omwe anapulumuka.

Kusandutsa buku kukhala sewero si kukopera. Buku limalowa m'mutu mwa munthu n'kukuuza zomwe akuganiza, kamera singathe. Mu Pride and Prejudice ya BBC ya 1995, ya magawo 6, Andrew Davies anafuna kuonetsa kuti Darcy, yemwe Colin Firth anamusewera, ndi munthu wa thupi ndi magazi pansi pa ulemu wake wouma. Anamulowetsa m'dziwe la kunyumba kwake ku Pemberley, n'kumukumanitsa ndi Elizabeth malaya ali chinyowere. M'buku la Austen mulibe zimenezi, koma anthu ambiri lero amaganiza kuti zilimo, ndipo alendo amapitabe ku Lyme Park ku Cheshire kukaona malowo. Ena amati uku n'kulemeretsa buku, ena amati n'kuliphimba. Nthano ya pamoto nayonso imasintha ndi wokamba, koma kusiyana kwake n'kwakuti apa buku lilipo pa shelefu loti munthu akatsutsire.

Si onse a m'nyumba zachifumu

Pali nthambi ina yofatsa. All Creatures Great and Small inachokera m'mabuku a James Herriot, dzina lolembera la Alf Wight, dokotala wa ziweto wa ku Thirsk ku Yorkshire. BBC inaionetsa kuyambira 1978 mpaka 1990. Banja la m'menemo si la magazi okhaokha: madokotala atatu ndi mayi wosamala nyumba, odyera tebulo limodzi. Chochitika chachikulu chimakhala dokotala atagona m'khola lozizira pakati pa usiku, mkono wonse uli m'mimba mwa ng'ombe yolephera kubereka, mlimi wosauka ataima ndi nyali podziwa kuti ng'ombeyo ikafa chaka chake chafa. Sewero latsopano la nkhani yomweyi linayamba mu Seputembala 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, ndipo linalandiridwa ndi manja awiri.

The Darling Buds of May ya 1991 mpaka 1993, yochokera kwa H. E. Bates, ndi ya banja la a Larkin la ku Kent, lodya bwino ndi lozemba msonkho, ndipo ndi imene inatchukitsa Catherine Zeta-Jones. Poldark ya Winston Graham, ya migodi ya ku Cornwall, inajambulidwa mu 1975 n'kubweranso mu 2015. Mabuku a Catherine Cookson, a mabanja osauka a kumpoto chakum'mawa kwa England, anasandutsidwa masewero ambiri pa ITV m'zaka za m'ma 1990. North and South ya Elizabeth Gaskell, yomwe BBC inaionetsa mu 2004, ili ndi sitalaka ya m'fakitale ya thonje pakatikati pake.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Mkangano waukulu ndi wa zomwe masewerowa amachita ndi mbiri. Brideshead inaonetsedwa mu 1981, chaka cha zipolowe za ku Brixton mu London ndi ku Toxteth mu Liverpool, anthu oposa 2 miliyoni ali pa ulova. Otsutsa ankati kuonetsa nyumba zachifumu pa nthawi yotero n'kugoneka anthu tulo ndi dziko lomwe ambiri mwa makolo awo ankalionera kukhitchini. Oikira kumbuyo amayankha kuti mabukuwo ndi odzudzula: Galsworthy ankanyoza mtima wa umwini, Dickens ankalimbana ndi makhoti. Funso lomwe latsala n'lakuti kamera ikakongoletsa nyumba yomwe buku likuidzudzula, woonera amatenga chiti.

Pali funso la komwe chuma cha m'nyumbazi chinachokera, lomwe kwa ife a m'mayiko omwe analamulidwa ndi Britain si la patali. Mu Mansfield Park ya Austen, banja limadalira minda ya pa chilumba cha Antigua, kumene kunkalima akapolo, ndipo katswiri wa zolembalemba Edward Said analemba za zimenezi mu 1993. The Jewel in the Crown ya Granada ya 1984, ya masiku omaliza a ulamuliro wa Britain ku India, inatamandidwa kwambiri, koma mlembi Salman Rushdie anaidzudzula chaka chomwecho kuti Amwenye akungokhala ngati ozungulira nkhani ya azungu. The Flame Trees of Thika ya 1981 imaonetsa Kenya kudzera m'maso mwa mwana wa atsamunda. Mu 2020 bungwe la National Trust, losamala nyumba zakale zambiri zomwe masewerowa amajambulirako, linatulutsa lipoti lotchula malo ake 93 okhudzana ndi ukapolo kapena utsamunda, ndipo dziko linagawanika pa lipotilo. Opanga masewero ayesa njira ziwiri. Ina ndi kutenga mabuku ena, monga Small Island ya Andrea Levy, ya anthu a ku Jamaica osamukira ku London, yomwe BBC inaionetsa mu 2009, ndi A Suitable Boy ya Vikram Seth mu 2020. Ina ndi kupatsa ochita sewero akuda mbali zomwe kale zinali za azungu okha. Ena amati njira yachiwiriyi ikutsegula khomo lomwe linatsekedwa nthawi yaitali, ena amati ikubisa tsankho lomwe linalipodi m'nthawi imeneyo.

Ndalama nazo zili pa mkangano. Chikalata chomwe BBC imayendera chikutha pa 31 Disembala 2027, ndipo tsogolo la laisensi likukambidwa pamene nyumba zolipira zikuchepa. Makampani a pa intaneti akweza mtengo wojambulira sewero. Peter Kosminsky, yemwe anatsogolera Wolf Hall yochokera m'mabuku a Hilary Mantel, anauza aphungu a nyumba ya malamulo mu 2025 kuti kupitiriza seweroli kunatheka pokhapokha iye ndi anzake ena akuluakulu atavomera kudulidwa malipiro. Komiti ya aphungu inapempha kuti makampani a pa intanetiwo azipereka 5 peresenti ya ndalama zomwe amapeza kwa olembetsa a ku Britain kuti zithandize masewero a m'dzikomo. Ngati ndalama zambiri zizichokera kunja, kodi nkhani zidzasankhidwa poganizira woonera wa ku Leeds kapena wa ku Los Angeles?

Chomaliza ndi cha Lamulungu madzulo lenilenilo. Anthu 18 miliyoni a 1969 anali ndi matchanelo atatu okha, ndipo ankadikira masiku 7 pakati pa gawo ndi gawo, akukangana za Soames ndi Irene kuntchito ndi m'basi. Lero munthu akhoza kumeza magawo onse usiku umodzi, yekha, pa foni. Sizikudziwika ngati chomwe chinkakoka anthu chinali nkhani yokhayo, kapena kudikirako ndi kukanganako kunali mbali ya nkhaniyo, ndiponso ngati mwana woonera The Forsytes pa foni lero adzafune kuionanso ikadzajambulidwa kachinayi.